Nkhope ya Rozina pa Chikwangwani

Chirimba, Blantyre
6 Malichi 2023

Wokondedwa chemwali Rozina,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iweyo, alamu a Inocêncio, ana ndi mayi athu. Kuno tili bwino, kungoti alamu ako a Enelesi mwendo uja ukuwavutabe. Ndalemba kalata chifukwa nkhani iyi si yokambirana pafoni iwe utakwera pachulu kusaka netiweki, mudzi wonse ukumvetsera. Ndapatsira a Masauko a pikapu.

Lachiwiri nditatsika minibasi m'tauni ndinakweza maso, n'kuona mlongo wanga ali m'mwamba, nkhope yokha kukula kuposa chitseko cha tchalitchi. Wavala diresi lachikasu, wotchi ikunyezimira pamkono, kumbuyo kwako kuli galimoto yoyera. Pansi pake alemba zilembo zikuluzikulu: "Mayi Rozina a ku Thambani amapeza K850,000 pamwezi ndi Kamphepo Juwisi. Nanga inu mukudikira chiyani?"

Ndinaima pamenepo mpaka kondakitala wina anandifunsa ngati ndataya chinthu. Ndinati, "Ayi, ndapeza. Uyo ndi mlongo wanga, bere limodzi." Anayang'ana chikwangwani, anayang'ana nsapato zanga, n'kumapita.

Ndakondwa, chemwali. Ndakondwa kwambiri moti tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Ine zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikunyamula makatoni kuntchito, malipiro anga safika ngakhale theka la theka la ndalama imeneyo, koma mwezi uliwonse ndimabenthula kangachepe kutumiza kwa mayi, iwe n'kumandiyankha kuti, "Zikomo achimwene, kuno zinthu zavuta." Zavutadi. Galimoto imamwa mafuta.

Sindikudandaula ayi. Ndingopempha kuti denga la mayi lija tinagwirizana kuti tidzasonkherana, ulione wekha. Ndiponso undifotokozere bwinobwino mmene bizinesi imeneyi imayendera, poti kuntchito kuno kukumveka manong'onong'o oti achotsa anthu.

Ndine mchimwene wako wosauka,
Mateyu


Thambani, Mwanza
14 Malichi 2023

Okondedwa achimwene,

Tonse tili bwino. Mayi akupereka moni, akuti mwendo wa alamu muziuthowa ndi madzi otentha.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kenako ndawawerengera alamu anu. Aseka mpaka kutsamwa. Chikwangwanicho ine sindinachione. Tandiuzani, ndaoneka bwino?

Khalani pansi ndikuuzeni. Chaka chatha kunabwera bambo wina dzina lake Kinsley, wa kampani ya Kamphepo, wolankhula mofewa ngati akutonthoza mwana. Anati bizinesi yawo ndi franchaizi. Tanthauzo la mawu amenewa ndinalidziwa mochedwa. Dzina ndi lawo. Kanyumba kachikasu ndi filiji ya sola umagula kwa iwo. Ufa wopangira juwisi uzigula kwa iwo okha, mtengo wogulitsira akuuze ndi iwo, ndipo mwezi uliwonse uziwalipira chifukwa chogwiritsa ntchito dzina lawo, kaya wagulitsa kaya sunagulitse. Chako ndi thukuta. Tinagulitsa mbuzi zisanu ndi ziwiri ndi ng'ombe ya alamu anu kuti tilowe.

Tsiku lotsegulira linali la msika, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anabwera ndi zokuzira mawu, akulengeza kuti ukagula kapu imodzi ina ndi yaulere. Anthu anakhamukira kudzaona filiji yoyendera dzuwa. Tsiku limenelo ndinagulitsa za K28,300. A Kinsley anatulutsa foni, kuchulukitsa ndi masiku makumi atatu, n'kundionetsa. "Mayi, mwaziona ndalama zanu?" Ndinati ndaziona. Zinali m'fonimo, ndipo mpaka lero sizinatulukemo.

Diresi anabwera nalo okha, anabwereranso nalo. Wotchi inali ya mayi wojambula, siinkayenda n'komwe. Galimoto ndi ya kampani, ine ndinangoitsamira, ndipo anandichenjeza kuti ndisaike dzanja pagalasi. Kenako anandipatsa pepala la Chingerezi kuti ndisaine, akuti ndi chilolezo cha chithunzi, n'kundikhululukira malipiro a dzina a mwezi umodzi.

Achimwene, mwaiwala kwanu? Kuno ndi kwa manachesi. Munthu asiye mulu wa manachesi wa K200 kuti adzagule kapu ya madzi achikasu ya K500, yongonunkhira manachesi? Kukachita mitambo filiji imagona. Mwezi umene zayenda bwino, ndikagula ufa ndi shuga n'kulipira dzina, ndimatsala ndi ya sopo ndi mchere. Chikutidyetsa pano ndi njinga ya kabaza ya alamu anu, ndi mandasi amene ndimabisa pansi pa kauntala, poti pangano limaletsa kugulitsa china chilichonse.

Ngati akuchotsani ntchito, ndalama zimene akupatseni muzigwire ndi manja awiri. Musalowe. Ndabwereza, musalowe.

Ndine mlongo wanu,
Rozina


Chirimba, Blantyre
20 Epulo 2023

Chemwali,

Moni kwa onse. Kalata yako ya pa 14 Malichi ndinailandira sabata yomweyo, ndipo ndinaiwerenga yonse mpaka pomwe walemba "musalowe" kawiri. Umalemba bwino. Ukanapanda kukhala wabizinesi ukanamalemba masewero a pawailesi.

Ndakumvetsa. Munthu akapeza chitsime sauza mudzi wonse, ndipo olemera onse amene ndikuwadziwa amadandaula kuposa ife. Koma taganiza, kampani yaikulu, ya ofesi ya makapeti, ingapachike bodza pamsewu pomwe pamadutsa maloya tsiku ndi tsiku?

Ntchito inathadi pa 31 Malichi. Atandipatsa zanga, ndinapita kumsonkhano wa Kamphepo kuhotela ina. Tinalipo anthu mwina makumi asanu ndi limodzi, aliyense ndi botolo lake la madzi. Nditatchula dzina lako pakhomo, a Kinsley anandikumbatira ngati tinakulira limodzi. Anandikhazika kutsogolo. Pakati pa msonkhano anandipatsa maikolofoni kuti ndilankhule monga m'bale wa Mayi Rozina.

Sindinadziwe kuti ndili ndi mphatso yotere. Mwina ndinawonjezera pang'ono. Ndinati wamanga nyumba ya zipinda zinayi ya malata achikuda, ndipo ine ndinagonamo pa Khirisimasi. Si bodza kwenikweni, chifukwa ndi ndalama zimenezo uimanga ndithu, ine ndangofulumira kuilowa. Anthu anawomba m'manja, mayi wina analira. Tsiku lomwelo anasaina anthu makumi awiri ndi atatu, ndipo a Kinsley anandichotserako K150,000 pamtengo pondithokoza.

Ndatenga tinyumba tiwiri, kena pa Mwanza Boma pafupi ndi pokwerera minibasi, kena kumsewu wa kuboda pomwe amaima malole a ku Mozambique. Usaope, makasitomala ako a ku Thambani sindiwakhudza. Pangano lake ndi la masamba khumi ndi asanu ndi anayi. A Kinsley anati ndi zamwambo chabe, aliyense amangosaina, ndiye sindinafune kuchedwetsa mzere.

Alamu ako akhumudwa poti ndalamazo tinati tidzagulira malo ku Lunzu. Ndawauza kuti ndi tinyumba tiwiri, pofika Disembala tidzagula malo ndi phiri lake lomwe.

Ndine,
Mateyu


Thambani
11 Juni 2023

Achimwene,

Tili moyo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira kuti mkwiyo utsike. Sunatsike, ndiye ndangolemba.

Nyumba ya zipinda zinayi ija mutiuze pomwe ili, tikagonemo, chifukwa ino sikugonekanso. Zithunzi zanga za pachikwangwani zija zafika kuno. Amata pamsika, pamtengo wa pokwerera pikapu, ngakhale pachipupa cha chigayo. Kutchalitchi andisankha kukhala wapampando wa komiti yomanga, popanda wopikisana naye. Azakhali a alamu anu, a Orlanda, achokera ku Zóbuè, ku Mozambique, ndi adzukulu atatu, akuti angodutsa kudzationa. Sabata ino ndi yachitatu. Ndikanena kuti ndilibe, anthu amamwetulira ngati mmene munamwetulira inu.

Lamulungu lapitali tili kutchalitchi, ine ndikuwerengera mpingo mtengo wa simenti, akuba anathyola chitseko dzuwa lili pamutu. Anang'amba matiresi, anakhuthula thumba la chimanga, anakumba pansi pa bedi dzenje loti mungabzalemo nthochi. Ndalama za Mayi Rozina sanazipeze. Pofuna kuti asabwerere chimanjamanja, anatenga njinga.

Alamu anu anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana pomwe inkatsamira. Anangoti, "Paciência," mawu a kwawo aja otanthauza kuti tipirire. Munthu amene anabwera kuno ali mwana, pamsana pa mayi ake pothawa nkhondo, n'kudzipezera njinga ndi maganyu, lero akusenza makala pamutu kuchokera kwa Nthache. Oyandikana nafe akuti, "Musadandaule, mugula njinga yamoto mawa."

Ine ndinakulemberani zoona. Munasankha kukhulupirira chitsulo cha pamsewu kusiya amene munamubereka kumbuyo ali khanda. Mulungu akuthandizeni ndi tinyumba tanu tiwiri.

Rozina


Mwanza Boma
21 Ogasiti 2023

Chemwali Rozina,

Pepa za njinga ya alamu. Panopa ndikukhala pa Boma pompano, ndachita lendi kachipinda kuti ndiziyang'anira bizinesi. Ndikanabwera kudzakuonani koma ntchito yachuluka.

Zinthu zikuyamba pang'onopang'ono. Juni ndi Julayi kunazizira, anthu samwa zozizira. Madalaivala a malole nawonso ali ndi zakumwa zawo zimene amazikonda, zomwe si juwisi. Sindikudandaula, koma pali chinachake chimene iwe umachita chomwe sunandiuze. Kodi umawonjezera shuga? Kapena pali kumene unapita? Ndiuze monga mlongo wako, sindiuza munthu.

Ngati ungandithandizeko ndi ya ufa wa mwezi uno, upatsire a Masauko.

Mateyu


Chirimba, Blantyre
4 Disembala 2023

Wokondedwa chemwali wanga,

Kalata yanga ya Ogasiti sunayankhe. Ndinakwiya, koma tsopano ndikuona kuti kusayankhako kunali yankho.

Kwacha itagwa mwezi watha, ufa wa Kamphepo unakwera, koma mtengo wa kapu anatiletsa kukweza. Kanyumba ka kuboda ndatseka. Ka pa Boma ndakasiya m'manja mwa mayi wina wogulitsa tomato kuti azingokayang'anira. Ndabwerera ku Chirimba.

Ndinapita kuofesi yawo ya makapeti ija. A Kinsley akuti anali kumunda, Lachitatu m'mawa. Ndinakumana ndi bwana wina wa tayi. Ndinati, "Munatiuza K850,000." Iye anatsegula pangano langa pa ndime 14, n'kundiwerengera m'Chichewa: wogula akuvomereza kuti palibe munthu wa kampani amene wamuuza, pakamwa kapena polemba, ndalama zimene adzapeze. Pansi pake pali dzina langa, lolembedwa ndi dzanja langa, mokongola kwambiri. Ndinati, "Nanga chikwangwani?" Anati, "Amenewo ndi mawu a mayi mmodzi wa ku Thambani, si a kampani. Ndiponso werengani pansi pake." Ndinapita kukayang'ana. Palidi timawu pansi penipeni, toti zopeza zimasiyana munthu ndi munthu. Kuti uwerenge pamafunika makwerero.

Tapezana anthu makumi awiri ndi anayi, kuphatikizapo ine, amene tinasaina tsiku limodzi lija. Ena anagulitsa minda, mayi amene analira uja anaikamo penshoni ya malemu amuna awo. Akandiona sandipatsa moni. Tapeza loya wachitsikana, a Maureen, wosaseka. Akuti ndime 14 si khoma loti silingagwe. Ngati kampani inafalitsa nambala ikudziwa kuti ndi yabodza, ndipo anthu analowa chifukwa cha nambalayo, khoti likhoza kutimvera. Koma pakufunika munthu amene angalumbire kuti nambalayo inachokera kuti.

Munthu ameneyo ndi iwe, chemwali. Ndakhala ndikuwauza anzangawa kuti mlongo wanga sanama.

Ndine mchimwene wako,
Mateyu


Thambani
15 Disembala 2023

Achimwene,

Moni. Mayi akutsokomola koma akudya. Ndasangalala kumva kuti mlongo wanu sanama. Mwazindikira liti?

A Kinsley akuchedwa kumunda chifukwa munda wawo ndi kuno. Anafika Lachisanu ndi galimoto yoyera yomwe ija, atanyamula shuga ndi buledi. Anakhala pampando wa alamu anu, n'kutulutsa mapepala awiri. Loyamba ndi lija ndinasaina tsiku la chithunzi. Si chilolezo cha chithunzi chokha ayi. Likunena kuti nambala ija ndinapereka ndine, mwa kufuna kwanga. Lachiwiri ndi latsopano. Akuti ndikasaina kuti zonse zinali zoona, andimasula ku pangano lawo, ndipo filiji ikhala yanga.

Ndinafunsa kuti, "Nanga ndikakana?" Anayankha mofewa muja, "Mayi, kukhoti adzafunsa kuti ananama ndani. Pachikwangwani pali nkhope yanu, si yanga."

Sindikubisirani, ndinalilakalaka pepalalo. Ndinayang'ana alamu anu, khosi litatupa ndi makala. Iwo anandifunsa pamaso pa mlendoyo, "Rozina, nyumba ino ili ndi zipinda zingati?" Ndinati ziwiri. Anati, "Ukanene ziwiri." Anatenga shuga ndi buledi n'kukaziika okha m'galimoto.

Ndibwera kudzalumbira. Sindikubwerera inu, ndikubwerera mayi wa penshoni uja, amene anaona nkhope yanga n'kukhulupirira. Auzeni a Maureen kuti ya thiransipoti ndilibe.

Rozina


Chirimba
19 Januwale 2024

Alamu anga a Rozina,

Ndine Enelesi. Sindinakulemberenipo, ndipo achimwene anu sakudziwa kuti ndalemba. Mwendo uli bwinoko, zikomo chifukwa cha malangizo a mayi.

Ndapalamula. A Maureen anafunsa ngati pali cholembedwa chilichonse cha nthawi imeneyo. Achimwene anu anati palibe. Ine ndinadziwa kuti kalata yanu ya Malichi ili m'chikwama cha ziphaso, chifukwa ndinaisunga ndine. Ndinkaiwerenga ndikafuna kulira. Ndinapita nayo ndekha kuofesi kwawo.

A Maureen ataiwerenga anavula magalasi. Akuti kalata imeneyi ndi golide kwa anthu makumi awiri ndi atatu, chifukwa ikuonetsa mmene nambala inapangidwira, ndipo munailemba mlandu usanaganiziridwe n'komwe. Koma kwa munthu mmodzi ndi poizoni. Wodandaula kuti ananamizidwa amayenera kuonetsa kuti sankadziwa zoona. Achimwene anu anauzidwa zoona, kawiri, asanasaine. Akuti kubisa kalatayo sangabise, malamulo a ntchito yawo salola.

Kuwonjezera apo, a kampani ali ndi vidiyo ya msonkhano wa kuhotela uja, ndipo akuti adzaionetsa kuti onse aone amene anawanamiza.

Kunyumba kuno sitikulankhulana. Amandiuza zinthu kudzera pa khoma: "Anthu ena m'nyumba muno ndi a kampani." Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Malo a ku Lunzu ndawataya kawiri, koyamba ndi dzanja lawo, kachiwiri ndi langa.

Ndine mlamu wanu,
Enelesi


Chirimba
22 Januwale 2024

Rozina,

Pali njira imodzi. Ukadzafunsidwa, udzanene kuti kalata yako ya Malichi inachedwa, a Masauko anaiiwala m'pikapu mpaka Meyi. Zimachitika, ndipo iwo sangakumbuke. Kalata yanga ya Epulo, yomwe ndinalemba kuti ndailandira, uiike pamoto. Ndi kapepala chabe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za msana wanga zili pamenepa. Sindinakupemphepo chinthu chachikulu.

Mateyu


Thambani
2 Febuluwale 2024

Achimwene,

Kalata yanu yafika pa nthawi yake. A Masauko sachedwetsa makalata.

Ndinanama kamodzi osadziwa, nditavala diresi la eni, ndipo taonani anthu amene agwa nalo bodza limenelo. Tsopano mukufuna ndiname ndikudziwa, Baibulo lili m'manja. A Kinsley anandipempha zomwezo, koma iwo anabwerako ndi buledi.

Kalata yanu ya Epulo sindiwotcha, komanso sindipita nayo kwa munthu. Akandifunsa ndidzayankha. Ndalira polemba izi, ngati zimenezo zingakuthandizeni. Mukadzasowa pokhala, kuno kuli zipinda ziwiri, china tidzakupatsani.

Mlongo wanu,
Rozina


Chirimba
17 Meyi 2024

Alamu anga,

Ndikhulupirira munafika bwino. Pepani kuti achimwene anu sanakupatseni moni pakhoti paja. Munalankhula bwino, ngakhale pomwe loya wa kampani amakufunsani ngati mumadziwa kuchulukitsa. Yankho lanu lija, loti mumadziwa koma mwezi wa ku Thambani ulibe masiku a msika makumi atatu, anthu akulibwerezabe.

Munaphonya tsiku lachiwiri. Anaitana achimwene anu. Loya wa kampani anafunsa, "Kalata ya mlongo wanu munailandira liti?" Achimwene anu anayang'ana woweruza. Kenako anati, "Mu Malichi. Ndisanasaine."

"Munaiwerenga?"

"Yonse."

"Ndiye munalowa bwanji?"

"Ndinkaganiza kuti akundimana."

Loya uja anasangalala, n'kuyatsa vidiyo. Tinawaona achimwene anu ali ndi maikolofoni, jekete la ukwati wathu, akufotokoza malata achikuda. Anafunsidwa ngati anagonamodi m'nyumbamo. Anati, "Ayi, ndinanama. Nyumbayo kulibe." Anatembenukira kwa mayi wa penshoni uja n'kunena kuti, "Mayi, pepani."

Loya anafuna kuzimitsa, koma woweruza anati, "Isiyeni ipitirire." Alamu, vidiyo yawo yomwe! Achimwene anu atangokhala pansi, akuoneka a Kinsley akutenga maikolofoni, akuti, "Mwamva nokha. K850,000 pamwezi, ndipo ine ndikukutsimikizirani kuti ameneyo ndi waulesi, ena amaposa." Kumbuyo kwawo kuli bwana wa tayi uja akuwomba m'manja. A Maureen, amene sindinawaonepo akuseka, anagwira pakamwa. Anangoimirira n'kupempha kuti ndime 14 iwerengedwenso mokweza.

Masana omwewo a kampani anapempha kuti akambirane kunja kwa khoti. Zatha motere. Anthu makumi awiri ndi atatu abwezeredwa gawo lalikulu la zimene analipira polowa, osati zonse. Zikwangwani zichotsedwa. Inu mwamasulidwa ku pangano, filiji ndi yanu, ndipo akupatsani kangachepe chifukwa cha nkhope yanu. A Maureen akuti njinga ikwana, koma yopalasa.

Achimwene anu sapatsidwa kanthu. Angowamasula, n'kuwasiyira tinyumba tawo tiwiri topanda dzina. Pobwerera tinatsika minibasi pamsika wa Chirimba. Pamenepo anandigulira chimanga chootcha, n'kundipatsa osandiyang'ana.

Enelesi


Chirimba
8 Julayi 2024

Wokondedwa chemwali Rozina,

Moni kwa mayi, kwa alamu ndi ana. Ndayamba kalata iyi kanayi. Zina zimene ndikufuna kunena si za papepala, ndidzanena ndi pakamwa ndikabwera kumapeto kwa mwezi, ngati mundilandire. Mafiliji ndagulitsa. Panopa ndikuthandiza kutsitsa katundu pamsika wa Chirimba, msana ukukumbukira ntchito yake.

Koma imva izi. Loweruka ndili pamsika, ndinamva munthu akundiitana mofewa. A Kinsley. Ku Kamphepo anawachotsa, tsopano ali ndi kampani ina yogulitsa makina oswetsa mazira. Anandiitanitsira tiyi. Akuti alibe nane chifukwa, zakhoti ndi zakhoti. Akuti pa zaka zonse zimene akhala akuchititsa misonkhano sanaonepo munthu wolankhula ngati ine, anthu makumi awiri ndi atatu tsiku limodzi. Akufuna ndizikalankhula m'misonkhano yawo, kuyambira ku Balaka. Ndidzangonena kuti ndili ndi nkhuku zikwi ziwiri.

Ndinafunsa malipiro. Anati, "Achimwene, osachepera K400,000 pamwezi. Ena amaposa."

Ndisakunamize, chemwali, m'thumba munali K700 yokha, ndipo mutu unayamba kale kuwerengera njerwa za ku Lunzu. Ndinamwa tiyi pang'onopang'ono. Kenako ndinang'amba chikatoni chomwe ndinali nacho, ndinabwereka cholembera kwa mayi wa tiyi, n'kuziika patsogolo pawo. Ndinati, "Lembani pamenepa nambala imeneyo, ndi dzina lanu pansi, ndi tsiku la lero."

Anayang'ana chikatonicho nthawi yaitali. Anati cholembera cha mtundu umenewo chimawapweteka chala, akatenge chawo m'galimoto.

Ndinadikira mpaka mayi wa tiyi anayamba kutsuka makapu. Tiyi wa anthu awiri ndinalipira ndine.

Ndine mchimwene wako,
Mateyu